Ana Atatu, Nsapato za Anthu Anayi

Abidjan, 24 Novembala 1991

Amake Sani,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi onse a m'nyumba. Ine ndafika bwino ndipo thupi lili gwa, kupatula msana umene ndinausiya m'lole ya Alhaji Mati. Ulendo wonse ndinakhala pamwamba pa matumba a anyezi, moti mpaka lero ndikadutsa pa anthu amayamba kupukuta misozi. Msuweni wanga Habu akuti akulira chifukwa anandisowa.

Muwapatse moni amayi, muwauze kuti fodya wawo wa m'mphuno sindinaiwale. Moni kwa Sani, kwa Dije, ndi kwa Idi wa makutu ngati a bambo ake. Uja wa kwa agogo ake mumuuze kuti mbuzi zizimwa madzi iye asanathamangire ku sukulu.

Benchi lathu la ku Adjame ndalipeza pomwe ndinalisiya. Tikukazingabe nsomba ndi kugulitsa chakudya kwa anyamata a m'magalaja. Mayi Akisi, amene amatipikulitsa atiyeke, chinangwa chawo chija chooneka ngati mchenga, anandilandira ndi mawu akuti, "Wabwera, Nomau? Ndimayesa ngamila inakudya." Mafuta ophikira akwera mtengo, koma njala ya anthu a kuno nayo yakwera, ndiye zikulingana. Kangachepe ndipereka kwa Alhaji akamabwerera. Mugule mchewere tsopano ukadali wotsika mtengo, musadikire kuti pansi pa nkhokwe payambe kuoneka.

Tsono nkhani ya owerenga anthu ija. Ndamva kuti mlembi wa boma afika m'mudzi mwezi ukubwerawu, ndipo mudzi umene upezeke wosakwana anthu mazana atatu sukulu yake aitseka, ana azikaphunzira ku mudzi waukulu. Ife a ku ulendo akuti tiwerengedwa, poti mvula ikagwa timabwerera. Ine nkhawa ndilibe. Tsamiya Biyu ndi kamudzi, inde, koma pa ukwati wa Habu tinapha ng'ombe yathunthu ndipo ine ndinangolawa mchira. Mlembiyo akafika pakhomo mumupatse fura, chakumwa chathu cha mchewere chija, cha mkaka wambiri, mumuyankhe zonse zimene afunse.

A Mushe Seyni, aphunzitsi athu, zikomo chifukwa chowawerengera kalatayi. Apa tsitsani mawu, ana asamve. Amake Sani, kuno kuli akazi onyezimira ngati malata atsopano, koma palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kukalipa mokoma ngati inu. Ndikusowa ngakhale chipande chimene mumandiopseza nacho.

Ndine mwamuna wanu,
Nomau


Abidjan, 5 Januwale 1992

Amake Sani,

Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Idi chatha, ndiponso kuti mnansi wathu Laure wabereka mapasa. Ine ndili bwino. Koma nambala imene a Mushe alemba pansi pa kalata yanu yandidabwitsa. Anthu 268 basi? Kodi mlembiyo anadumpha nyumba za kuseri kwa chitsime?

Nkhaniyi inafika kuno kalata isanafike. Dan Tani wa ku Dogon Kwari, mudzi waukulu uja, amene amagulitsa mawotchi akufa pa siteshoni, anabwera pa benchi pathu akumwetulira mpaka mano a kumapeto kuonekera.

"Anthu a ku Tsamiya Biyu, pepani ndithu," anatero. "Ndamva kuti boma lakuwerengani pamodzi ndi abulu omwe, koma simunakwanebe."

Habu anati, "Kwanu munakwana chifukwa abulu a kwanu amavala zipewa."

"Ingotumizani anawo kwathu. Tiwaphunzitsa kuwerenga, mwina mawa mudzadziwa kuti mulipo angati."

Ndinamupatsa mutu wa nsomba kuti atseke pakamwa, koma mawu ake anandibaya. Lachisanu titachoka ku mzikiti, ine ndi Habu tinathira mtedza pamphasa kuti tiwerenge mudzi tokha, nyumba ndi nyumba, njere imodzi munthu mmodzi. Poyamba zinasokonekera chifukwa Habu anadya banja lonse la osula zitsulo asanazindikire. Kachiwiri ndinamukhazika kutali ndi mphasa, iye nkumatchula, ine nkumaika. Tinapeza 270, ndipo awiri owonjezerawo ndi mapasa a Laure amene abadwa mlembi atapita kale. Ndiye kuti munthu wa boma uja sananame.

Ndakhala ndikuganiza za mudzi wathu. Umafufuma mvula ikagwa, nkuphwa tikakolola. Kuyambira Novembala mpaka Juni mumatsala inu akazi, ana, ndi nkhalamba zokangana pansi pa mibwemba. Mabanja anayi anasamukira ku Madawa chaka cha chilala chija ndipo sanabwererenso. Anyamata ena amakwatira ku Kano nkuiwala njira. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma mpaka kuchepa chonchi?

Chimene chikundisowetsa mtendere mukuchidziwa. Sukulu ikapita ku Dogon Kwari, Sani tingathe kumukweza pa bulu. Koma uja wa kwa agogo ake palibe adzamulole kuwoloka khwawa lija tsiku ndi tsiku, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Baba Tanko, akulu awo a malemu bambo, ananena kale chaka chatha kuti msinkhu wake ndi wa pa mtondo, ndipo ndikuidziwa nyumba imene ikufuna kutibweretsera goro, mtedza wofunsira ukwati. Mpaka pano ndakhala ndikuwayankha kuti mwana ali pa sukulu. Ikatsekedwa ndilibenso choyankha.

A Mushe amati mutu wake ndi wakuthwa kuposa ana onse. Ine ndinangokhala zaka zitatu m'sukulu imeneyo, denga likadali la mapesi, ndipo zaka zitatu zomwezo ndi zimene zikukulemberani kalata ino. Ndikufuna iye apitirire pamene ine ndinalekera.

Musauze munthu kuti ndadandaula. Mumange bwino denga la khola mphepo ya fumbi isanalitenge.

Nomau


Abidjan, 2 Febuluwale 1992

Amake Sani,

Moni kwa nonse. Ine ndikudya, ndikugona, ndikunenepa mpaka lamba wayamba kundida. Benchi lathu talisuntha pang'ono chifukwa cha anthu okonza msewu. Kumene tili tsopano kuli mphepo yabwino, anthu odutsa okha ndi amene achepa. Nafenso tasamuka m'chipinda chija, tikugona kaye kwa Gado, mnzathu wa kumudzi uja. Ndi zinthu zazing'ono, musaziike kumtima.

Lamlungu amuna onse a ku Tsamiya Biyu amene tili kuno tinakhala pansi kuti tipeze anthu makumi atatu amene akusowa. Tinalipo khumi ndi mmodzi, ndipo nzeru zinabwera zochuluka kuposa tiyi.

Habu anati tibwereke Afulani amene amamwetsa ng'ombe pachitsime chathu, tiwaveke malaya athu tsiku limodzi. Gado anamufunsa ngati anaonapo Mfulani atavomera kuwerengedwa, munthu amene ngakhale ng'ombe zake sakuuza kuti zilipo zingati. Ndiye Gado yemweyo anati amayi oyembekezera aziwerengedwa awiri awiri, koma Kande awerengedwe atatu, poti mimba yake imalowa m'nyumba mwiniwake akadali kuchitsime. Wina anati tilembe akufa a chaka chatha, pakuti manda awo ali m'mudzi ndipo sanasamuke. Apo tinamukalipira, koma ndinaona anthu ena akuwerenga zala.

Pomaliza ine ndinaimirira nkunena kuti chifukwa cha mudzi wathu ndine wokonzeka kuvutika. Ku Dogon Kwari kuli mkazi wamasiye wa ana asanu ndi awiri. Nditamukwatira, ife tingawonjezere anthu asanu ndi atatu, kwa Dan Tani nkuchepa ndi omwewo. Anthu anawomba m'manja. A Mushe, mawu amenewa muwawerenge mutaima kutali ndi munsi.

Msonkhano unatha tiyi atatha, osagwirizana kanthu. Tinaseka kwambiri, koma anthu makumi atatu aja sitinawapeze.

Mwezi uno ndatumiza zochepa. Mugule sopo ndi mafuta a nyale, zina zidikire. Baba Tanko akabwera ndi nkhani ija muwauze kuti mwini nyumba kulibe, ndipo inu makutu anu adzaza fumbi. Ndayamba kuyang'ana nsapato za ana kumsika, za pa chikondwerero cha Idi chomasulira kusala, kuti Alhaji adzazitenge kusala kusanayambe.

Nomau


Abidjan, 20 Febuluwale 1992

Amake Sani,

Yankho lanu ndalilandira, lakuti nanunso chifukwa cha mudzi ndinu okonzeka kukhala mkazi wamasiye. Nkhani ya ku Dogon Kwari ija yatha, sindidzaitchulanso. Ndili bwino, ndikhulupirira nanunso muli bwino. Khalani pansi, chifukwa anthu athu osowa aja apezeka!

Dzulo ndinagula nsapato za ana nkuziyala pabenchi kuti ndizimange. Mayi Akisi anatula beseni lawo nkuyamba kuzitembenuza, monga amachitira ndi chilichonse chimene si chawo.

"Nomau, paja unati uli ndi ana angati?"

"Atatu, mayi."

"Nanga nsapatozi bwanji zili za anthu anayi? Zofiirazi ndi za ndani? Uli ndi kamkazi ka mapazi aang'ono kamene ukukabisa, eti?"

"Ndi za uja."

"Uja ndani?"

"Uja wa kwa agogo ake."

"Mwana wa ndani?"

Ndinayang'ana Habu, Habu anayang'ana nsomba. Ndinati, "Wa pakhomo pathu pomwepo."

"Wobereka iwe?"

"Mayi, zimenezo sitinena."

Habu ndiye anawamasulira kuti kwathu mwana woyamba kholo lake silimutchula dzina, silimuwerenga pa anthu, ndipo akaleka kuyamwa amakakulira kwa agogo ake. Ndi manyazi, ndi ulemu, tinazipeza choncho. Mayi Akisi anaseka mpaka kukhala m'beseni la atiyeke.

"Anthu inu! Ine woyamba wanga ndimamuitana mpaka a tsidya la nyanja amadziwa kuti walakwa. Tsono boma likabwera kudzafunsa, mumaliuzanso kuti atatu?"

Amake Sani, chipande chinagwa m'manja mwanga. Ndinakuonani ndi maso angawa mutaima pakhomo, mlembi akufunsa ana, inu nkuyankha mwaulemu kuti atatu. Ndinamuona akupita kwa amayi, amayi nkunena kuti awo anakula kale, aka kali apa ndi ka eni ake. Mwanayo anagwera pakati pa makomo awiri. Ndipo si pakhomo pathu pokha, ndi nyumba iliyonse imene woyamba wake sanakwatire kapena kukwatiwa. Ngakhale ine ndi Habu pamtedza paja tinachita zomwezo, aliyense kudumpha wake ndi wa mnzake, mutu uli zii ngati palibe chachitika.

Tinasiya nsomba pamoto nkuthiranso mtedza pabenchi. Habu amatchula wanga, ine nkutchula wake, ena onse tinkathandizana. Tinapeza ana 36. Mudzi wathu uli ndi anthu 306! Habu anavina pamsewu mpaka minibasi inaimba hutala. Taganizani, m'mudzi mwathu muli a Sani asanu ndi awiri, dzina lotanthauza wachiwiri, ndipo palibe anadabwa kuti ndi mudzi wanji umene ana ake amayambira pa wachiwiri.

Sindikuseka munthu. Ine ndemwe ndine woyamba kwa amayi, ndipo mpaka imvi zayamba kumera sindinamvepo dzina langa pakamwa pawo. Amanditcha wa kuseri kwa mpanda. Sindinadandaulepo. Koma sindinkadziwa kuti ulemu ungatseke sukulu.

A Mushe, inu ndinu a ku Niamey ndipo mwangotha chaka chimodzi ndi ife, mwina izi simunazidziwe. Chonde lemberani mkulu wa masukulu ku boma, mumuuze zonsezi, mumupemphe adzawerengenso. Tsopano tsitsani mawu. Amake Sani, wamasiye uja sindinamuonepo ngakhale nkhope. Ine mtima wanga munaumanga pansonga ya mpango wanu tsiku lija pachitsime, ndipo mfundo yake simunamasule.

Nsapato zikubwera ndi Alhaji. Zofiira mukudziwa mwini wake.

Nomau


Abidjan, 15 Malichi 1992

Amake Sani,

Moni wa mwezi wosala. Mulungu alandire kusala kwanu ndi kwa amayi. Musadabwe kuti zilembo zikuyenda ngati nkhuku yoledzera, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja linakangana pang'ono ndi mafuta a pamoto, koma mkanganowo unatha. Mayi Akisi akulitsuka ndi kulimanga, uku akunditukwana kuti ndine mwana. Habu ndiye akukazinga, ine ntchito yanga ndi kuitana anthu. Mwezi uno sinditumiza kanthu. Mugulitse tonde wakuda uja, ndi wamwano kale.

Kalata ya a Mushe ndaimva. Ndathokoza kuti mkulu wa masukulu wavomera kubwera yekha Idi ikapita. Koma lamulo lake lija landiumitsa pakamwa kuposa kusala. Akuti midzi ina inamupusitsapo ndi ana obwereka, choncho mwana aliyense aime ndi bambo ake kapena mayi ake, ndipo khololo linene ndi pakamwa pake kuti uyu ndi wanga, dzina lake ndi lakuti. Agogo ayi, mnansi ayi. Sindikumuda munthuyo. Akanamva nzeru za Habu za Afulani zija akanawonjezera malamulo ena.

Koma abambo tonse tili kuno, ku Lome, ku Kano. M'mudzi muli inu amayi. Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Ndikudziwa kuti chibadwire chake simunamutchulepo, ngakhale tsiku limene anadwala chikuku munkangoti mwana wa eni, mwana wa eni, misozi ili chuchuchu. Ndikudziwa kuti akazi anzanu adzagwira pakamwa, ndipo Baba Tanko adzati mwataya manyazi. Koma ndi kamodzi kokha, Amake Sani. Ndi mawu amodzi, aafupi kuposa amene mumanditchula nawo ine ndikaiwala kumanga bulu. Inu mukayamba, Laure atsatira, ndipo Laure akatsatira mudzi wonse utsatira chifukwa palibe amafuna kupitiriridwa ndi Laure.

Mukapanda kutero, chaka chamawa ngati lero mwanayo adzakhala akusinja pakhomo pa anthu ena. Ndanena mosabisa chifukwa ndikuopa.

Muwauze amayi kuti fodya wawo ali m'njira. Dije asiye kuluma anzake.

Nomau


Abidjan, 7 Epulo 1992

Amake Sani,

Idi yabwino kwa nonse. Ife tinaidyera kwa Gado, mpunga unalipo, nyama tinaimva fungo kwa oyandikana nawo.

Mawu anu a Mushe awalemba osachotsa minga. Mwati: "Inu a pakamwa potakasuka, mwalemba makalata asanu, mwatchula bulu, mwatchula tonde, mwatchula Dan Tani. Dzina limene mukundituma ine lili pati?" Ndawerenga, ndaseka, kenako ndasiya kuseka.

Ndinayesa. Ndinatenga pepala lina nkukhala kuseri kwa benchi. Chilembo choyamba chinatuluka, chachiwiri chinakana. Thukuta linatsika ngati ndikusenza matumba, ndipo ndinkangomva ngati malemu bambo aima kumbuyo kwanga. Pepalalo ndinakulungira nsomba. Mwandigwira.

Ndinafuna kubwera ndekha kuti ndidzaime naye pamaso pa mkuluyo. Lole ya Alhaji inanyamuka Lachiwiri popanda ine. Dzanjali silinagwirizane ndi ulendo, thumba nalo linavomerezana ndi dzanja.

Ndiye sindikutumaninso. Lilime likakana tsikulo, sindidzakuimbani mlandu, chifukwa langa lakana kale. Mungomuveka nsapato zofiira zija, aime pamzere ndi anzake, aoneke kuti ali ndi kwawo.

Nomau


Abidjan, 10 Meyi 1992

Amake Sani,

Mkazi inu! Moni ndipereka pambuyo, lero ndiyambe ndi kukuvulirani chipewa. Kalata ya a Mushe ndawawerengera anyamata mpaka pepala lafewa. Habu akuti ndikubwezereni nkhaniyi monga taimvera, kuti mutiuze ngati aphunzitsi sanathiremo mchere wawo.

Akuti mkulu wa masukulu anakhala pansi pa mibwemba ndi tebulo lake, ana 36 ali ndondondo kutsogolo kwake, amayi awo ali kumbuyo, aliyense mpango kukamwa. Anaitana koyamba, zii. Anaitana kachiwiri, kunangoyankha mbuzi. Ndiye anayamba kutseka cholembera chake nkunena kuti mwana wopanda womutchula ndi wobwereka. Pamenepo inu munachoka osatsanzika, anthu nkumati mwathawa. Munabwerera mutasenza mtsuko wathu waukulu wa madzi, wopanda kanthu, nkuutula patsogolo pa tebulo.

"Bwana, ine ndi inu tilibe nkhani," munatero. "Ndili ndi mawu ndi mtsuko wangawu. Ngati makutu anu ali pafupi, zimenezo ndi zanu."

Akuti munagwada, nkulowetsa mutu mumtsuko, nkunena. Inu mumayesa mukunong'ona, osadziwa kuti mtsuko wopanda madzi ndi wamiseche. Mawu anatuluka ngati ng'oma, mpaka a pachitsime anatembenuka. Mkuluyo anaseka nkulemba. Laure anakukankhani mutu usanatuluke bwino, akuti, "Choka, mtsukowo si wako wekha!" Kenako mzere wa amayi unafika mpaka kumzikiti, ena akuseka, ena akutuluka mumtsuko maso ali ofiira nkumanamizira fumbi. Baba Tanko atati awa ndi manyazi, Kande anawayankha kuti palibe watchula mwana pa anthu, aliyense wayankhula ndi dothi.

Anthu 307, poti Kande anachira, ndipo anali mmodzi yekha, Gado waluza. Sukulu ikhala! Dan Tani ndamuitana ndekha, ndamupatsa nsomba yathunthu yaulere, ndipo ndamuuza nambalayo ali pakati pa kumeza. Baba Tanko muwapatse moni wanga, muwauze kuti mwana ali pa sukulu.

A Mushe alembanso kuti anthu atabalalika, amayi anga anabwereka mtsukowo nkulowa nawo kuseri kwa mpanda, okhaokha. Sindifunsa chimene anauuza. Koma mtsuko umenewo musatungirenso madzi mpaka ndibwere, ndikufuna ndidzauone.

Tsono pansi pa kalatayo pali mizere ina, ya dzanja lina, zilembo zozungulira bwino kuposa zanga. Imeneyo sindinawawerengere anyamata. Ikuti: "Baba, kuyambira kalata ya Januwale ndine ndimawerengera amayi. A Mushe anati si bwino kuti azilowa m'nyumba imene mwini wake ali ku ulendo. Pamene mumati tsitsani mawu ndimatsitsa. Nsapato zandikwana. Amayi auza mtsuko. Ndine uja wa kwa agogo."

Amake Sani, munandilekerera bwanji? Za wamasiye zija, za mpango ndi mfundo zija, zonse zinadutsa pakamwa pa mwana! Ndinakhala pansi nkuphimba nkhope ndi chipewa, Habu mpaka anafunsa ngati kwagwa maliro. Koma manyazi amenewo anatha msanga, kunabwera ena olemera. Mwanayu wawerenga yekha za goro wa ukwati wake. Wawerenga kuti ndili ndi ana atatu. Wawerenga kuti bambo ake analemba chilembo chimodzi cha dzina lake nkukulungira nsomba. Zonsezo anaziwerenga mokweza, bwinobwino, osadumpha mzere, ndipo sanandifunse kanthu. Zandipweteka kuposa mafuta aja.

Ndibwera mvula isanakhazikike, Mulungu akalola. Mbewu musabwereke kwa munthu, ndinabisa ina m'chikopa pamwamba pa nkhokwe. Moni kwa amayi, kwa Sani, kwa Dije, kwa Idi.

Tsopano ndibwerekeni wowerenga wanuyo pang'ono.

Iwe, apa usatsitse mawu. Kalata yonseyi ndalemba ndi dzanja lamanzere. Lamanja alimasula dzulo, ndipo ndalisungira ntchito imodzi. Kuno mtsuko ndilibe, ndili ndi envelopu yokha, ndiye ndalowetsa mutu m'menemo.

Hindatu.

Ndili ndi ana anayi, ndipo woyamba ndiwe, Hindatu. Werenganso kachiwiri, amayi ako ndi agogo ako amve bwino.

Mbuzi zizimwa madzi usanathamangire ku sukulu.

Ndine bambo ako,
Nomau